Kukonza synthetic full mu Veeam pa Data Domain kuti backup ya Loweruka isafike Lolemba

Aliyense amene wasamalirapo maseva a kampani amalidziwa vuto la kumapeto kwa sabata. Mkati mwa sabata backup imatha msanga chifukwa imangotola zimene zasintha tsiku limenelo. Likakwana tsiku la full, pulogalamu imayamba kuwerenga zonse kuchokera pachiyambi, ndipo deta ikakhala yambiri anthu amalowa mu ofesi Lolemba m'mawa job ikadali m'kati. Tiwerengere limodzi. Waya wa 1 Gbps umanyamula pafupifupi 400 GB pa ola zinthu zikamayenda bwino. Mukakhala ndi 10 TB, maola 25 apita. Nthawi yonseyo madisiki amene anthu amagwirirapo ntchito akukokedwa mbali ziwiri, ndipo snapshot ya makina amene akuwerengedwa ikungokula.

Synthetic full inabwera kudzachotsa mtolo umenewu pa maseva. M'malo mobwerera ku VMware kapena Hyper-V kukatenga zonse, Veeam, pulogalamu ya backup, imatenga full yakale, fayilo ya VBK, n'kuiphatikiza ndi ma incremental onse amene anabwera pambuyo pake (ma backup a zosintha zokha aja), mafayilo a VIB, n'kupanga VBK yatsopano komweko kosungirako. Tsiku limenelo maseva anu amangopereka incremental imodzi monga mwa masiku onse. Veeam ikamaliza kumanga full yatsopano imafufuta incremental ya tsikulo, chifukwa zonse zimene zinali m'menemo zalowa kale mu full.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchimvetsa musanadine kalikonse, ndipo malangizo onsewa atsamira pomwepo. Makina a deduplication, amene amasunga deta yofanana kamodzi kokha, monga Data Domain ya kampani ya Dell, sasunga fayilo yathunthu pamalo amodzi. Data Domain imaduladula deta m'tizidutswa ta pafupifupi 8 KB, n'kusunga kachidutswa kalikonse kamodzi kokha, ndipo fayilo imangokhala mndandanda wolozera kumene tizidutswato tili. Kulemba pa makina otere n'kwachangu. Kuwerenga modumphadumpha n'kochedwa kwambiri, chifukwa pamafunika kusonkhanitsanso tizidutswa tomwazikana pa madisiki onse. Tsono ngati mwalumikiza Data Domain ngati share wamba ya SMB kapena NFS, synthetic full imakakamiza makinawo kusonkhanitsa full yonse yakale, kuitumiza pa netiweki kupita ku seva ya Veeam, kenako kuilandiranso n'kuiduladulanso. Ndaonapo job yotere ikutenga nthawi yaitali kuposa active full, full yowerenga zonse kuchokera ku maseva ija, imene mwiniwake ankathawa.

Njira yoyenera ndi DD Boost, chida cha Dell chimene chimalola pulogalamu ya backup kulankhulana ndi Data Domain mwachindunji. Ikakhalapo, Veeam simasuntha deta. Imangouza Data Domain kuti panga fayilo yatsopano, gawo ili litenge kuchokera mu VBK yakale, gawo ilo kuchokera mu VIB ya Lachitatu, ndipo Data Domain imangolemba mndandanda watsopano wolozera tizidutswa timene ili nato kale. Dell amazitcha virtual synthetics. Makinawa anagulitsidwaponso ndi dzina la PowerProtect DD, koma ambiri timangowatchabe Data Domain, ndipo ine ndizitero.

Gawo loyamba: konzani Data Domain musanatsegule Veeam

Lowani mu Data Domain kudzera pa SSH ndi akaunti ya admin. Zonsezi mungazichitenso mu DD System Manager, koma ine ndimakonda kulemba malamulo chifukwa ndimaona bwino chimene chachitika. Yambani ndi kuona ngati DD Boost ikugwira ntchito:

ddboost status

Ikanena kuti ndi yozimitsidwa, tsimikizani kuti laisensi ya DD Boost ilipo, kenako lembani ddboost enable.

Pangani akaunti yakeyake ya Veeam. Musagwiritse ntchito sysadmin pa ntchito imeneyi. Seva ya backup ndi imene akuba a ransomware amaifuna poyamba, ndipo akapezamo pasiwedi ya admin wa Data Domain ndiye kuti mwawapatsa makiyi a nkhokwe yonse. Akaunti ya role none ndi yokwanira:

user add veeamboost role none
ddboost user assign veeamboost
ddboost storage-unit create veeam01 user veeamboost

Storage unit ndi chipinda chimene Veeam izisungamo mafayilo ake. Musaikemo zinthu za pulogalamu ina. Mukatero lembani ddboost option show ndipo muyang'ane mizere iwiri. Wa virtual-synthetics uyenera kukhala enabled, chifukwa popanda umenewo zonse zimene tikukonzazi sizichitika. Wa distributed-segment-processing nawonso ukhale enabled, kuti ntchito yoduladula deta iyambire pa seva yotumiza ndipo pa waya pazidutsa tizidutswa tatsopano tokha. Ngati woyambawo uli wozimitsidwa:

ddboost option set virtual-synthetics enabled

Pakati pa seva ya Veeam ndi Data Domain pakakhala firewall, tsegulani ma port a TCP 111, 2049 ndi 2052. Onetsetsaninso kuti dzina la Data Domain likupezeka mu DNS mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri kulephera kulumikizana tsiku loyamba kumachokera pa DNS, osati pa DD Boost.

Gawo lachiwiri: sankhani gateway server

Veeam singaike pulogalamu yake yonyamula deta m'kati mwa Data Domain. Imafuna seva ina pakati, imene imatchedwa gateway server, ndipo laibulale ya DD Boost imagwira ntchito pamenepo. Mungasiye kuti Veeam izisankha yokha, koma ine ndimasankha ndekha, makamaka pamene kampani ili ndi nthambi m'mizinda ingapo. Gateway ikhale m'chipinda chimodzi ndi Data Domain, pa switch imodzi, ndipo ngati n'kotheka pa 10 Gbps. Ipatseni ma CPU ndi RAM zokwanira, popeza ntchito yoduladula deta ija imagwera iyo. Mukamalumikiza kudzera pa Fibre Channel, gateway muyenera kuitchula nokha ndipo iyenera kuona Data Domain pa SAN.

Gawo lachitatu: onjezani repository, malo osungirako ma backup, m'njira yoyenera

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Mu Veeam pitani ku Backup Infrastructure, kenako Backup Repositories, dinani Add Repository. Musasankhe Network attached storage ngakhale Data Domain yanu ili ndi share ya SMB. Sankhani Deduplicating storage appliances, kenako Dell Data Domain. Njira yokhayi ndi imene imagwiritsa ntchito DD Boost.

Lembani dzina la Data Domain, ikani akaunti ya veeamboost ija, sankhani gateway. Pali bokosi la DD Boost encryption limene limabisa deta ikamadutsa pa waya. Ngati deta ikudutsa pa netiweki imene simukuilamulira nokha, lichongeni. Silisokoneza deduplication chifukwa deta imafika mu Data Domain itamasulidwa.

Pa tsamba lotsatira dinani Browse ndi kusankha storage unit. Kenako pali malire a ntchito zoyenda nthawi imodzi, pa mzere wa Limit maximum concurrent tasks. Data Domain iliyonse ili ndi chiwerengero cha ma stream, mitsinje ya deta yoyenda nthawi imodzi, chimene ingapirire malinga ndi mtundu wake, ndipo synthetic full imadya ma stream angapo pa seva imodzi yosungidwa chifukwa imatsegula mafayilo onse a mu unyolo, kutanthauza full ndi ma incremental ake. Yambani ndi nambala yochepa, muone mmene zikuyendera sabata ziwiri, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Mukayamba ndi nambala yaikulu mudzaona ma job akugwa pakati pa usiku popanda chifukwa chooneka.

Mu zosankha za Advanced za repository yang'anani izi. Bokosi la Decompress backup file data blocks before storing likhale lochongedwa. Limachititsa kuti deta ifinyidwe podutsa pa netiweki koma imasulidwe isanalembedwe, kuti Data Domain ione deta yeniyeni n'kupeza zofanana. Deta yofinyidwa imaoneka yachilendo nthawi iliyonse, ndipo malo amadzaza msanga. Sankhaninso kuti makina aliwonse amene mukuwapangira backup akhale ndi mafayilo akeake, zimene Veeam imazitcha per-machine backup files. Mukatero ntchito imagawika m'mitsinje yambiri, imene Data Domain imailandira bwino kuposa mtsinje umodzi waukulu, ndipo fayilo imodzi ikaonongeka simutaya makina onse a mu job.

Gawo lachinayi: job yeniyeniyo

Pangani job yatsopano kapena tsegulani yakale, ndipo pa tsamba la Storage sankhani repository imene mwangopangayi. Veeam ikazindikira kuti ndi Data Domain imakufunsani ngati isinthe zosankha zina kuti zigwirizane ndi makinawo. Vomerani, koma mukayang'anebe nokha. Dinani Advanced.

Pa tabu ya Backup sankhani Incremental, chongani Create synthetic full backups periodically, ndi kusankha tsiku. Veeam imaika Loweruka ngati simunasinthe. Musasiye bokosili ndi la active full onse osachonga, chifukwa mukatero job imasanduka forever forward incremental, imene tsiku lililonse imalowetsa incremental yakale kwambiri m'kati mwa full imodzi yomweyo. Pa makina a deduplication ndimapewa zimenezo: fayilo imodzi imangosinthidwasinthidwa kwa miyezi, ndipo zonse zimene muli nazo zatsamira pa iyo. Komanso Veeam imaika malire pa kutalika kwa unyolo umodzi pa Data Domain. Mu version 11 malirewo anali ma restore point 60, kutanthauza ma backup 60 amene mungabwezerepo deta. Ndi full ya sabata iliyonse pa job yoyenda kamodzi pa tsiku simungayandikireko, koma job yoyenda ola lililonse imapyola malirewo pasanathe masiku atatu, choncho yotereyo imafuna full pafupipafupi.

Pa tabu ya Storage pali zinthu zinayi. Compression ikhale pa Optimal, popeza repository idzamasula deta isanalembe. Storage optimization ikhale pa 4MB, imene ma version akale ankaitcha Local target large blocks. Veeam ikasiyidwa yokha imagwiritsa ntchito 1MB, koma zidutswa zazikulu zimachepetsa kudumphadumpha powerenga, ndiye restore imafulumirako. Ma incremental amakula pang'ono, koma Data Domain imachotsa zobwerezazo. Ngati version yanu ili ndi bokosi la inline data deduplication, lichotseni. Ntchito imeneyo isiyireni makina amene munawagulira zimenezo.

Chachinayi ndi encryption ya job, ndipo pano ndikufuna mumve bwino. Mukachonga Enable backup file encryption, deta imafika mu Data Domain itabisika, ndipo deta yobisika simafanana ndi ina iliyonse. Deduplication imatsala pang'ono kufa. Ngati malamulo a kampani yanu akufuna kuti deta yosungidwa ikhale yobisika, yatsani encryption ya Data Domain yomweyo, imene imabisa deta itamaliza kuiduladula ndi kuifinya.

Kumbukirani kuti kusintha kukula kwa zidutswa pa job yakale sikugwira ntchito mpaka mutayendetsa active full. Synthetic full imatengera kukula kwa zidutswa za unyolo umene yachokera. Choncho mukasintha, dinani kumanja pa job, sankhani Active full, kamodzi kokha, usiku umene maseva ali phee.

Gawo lachisanu: nthawi ndi malo

Anthu amadabwa akaika retention, chiwerengero cha zoti zisungidwe, ya ma restore point 14 n'kupeza 20 pa disiki. Palibe chalakwika. Incremental iliyonse imadalira full yake ndi ma incremental onse a m'mbuyo mwake, ndiye Veeam singafufute unyolo wakale chidutswa chidutswa. Imadikira mpaka maunyolo atsopano atakwanitsa 14 paokha, kenako imafufuta wakalewo wonse nthawi imodzi. Ndi job ya tsiku ndi tsiku ndi full ya sabata iliyonse, chiwerengero chimayenda pakati pa 14 ndi 20. Werengerani malo potengera nambala yaikuluyo.

Ngati mukufuna kusunga za mwezi ndi za chaka, chongani bokosi la GFS, losungira ma full ena nthawi yaitali, pa tsamba lomwelo la Storage. Veeam imangoika chizindikiro pa full imene yapangidwa kale kuti isafufutidwe msanga. Apa ndi pamene Data Domain imaonetsa phindu lake: ma full khumi ndi awiri a miyezi amadya malo ochepa kwambiri kuposa kukula kwawo kolembedwa, chifukwa mbali yaikulu ya tizidutswa ndi yofanana.

Musaike ma synthetic full a ma job onse usiku umodzi. Agaweni: ena Lachisanu, ena Loweruka, ena Lamlungu. Dziwaninso kuti ngakhale job yanu isakhale ndi ndandanda ya tsiku limene mwasankhira synthetic full, Veeam idzaiyendetsabe tsiku limenelo pa ola limene job imayamba masiku ena. Ndipo imapanga synthetic full kamodzi pa tsikulo. Mukayendetsanso job tsiku lomwelo mumapeza incremental wamba.

Kenako pali kuyeretsa kwa Data Domain. Veeam ikafufuta fayilo, malo sabwerera pompo. Amabwerera Data Domain ikayendetsa cleaning, imene imafufuza tizidutswa timene palibenso fayilo yotilozera n'kutichotsa. Pa makina atsopano ntchitoyi imaikidwa Lachiwiri 6 koloko m'mawa. Onani yanu ndi filesys clean show schedule, ndipo musalole kuti igundane ndi usiku wa ma synthetic full, chifukwa zonse ziwiri zimalimbirana madisiki omwewo. Ine sindilola Data Domain kudzaza kupitirira 80 peresenti ndisanayambe kukambirana ndi abwana za malo ena. Ikadzaza kwathunthu backup imaima, ndipo kufufuta mafayilo sikukupulumutsani usiku womwewo.

Kumene magetsi amathimathima, Data Domain, gateway ndi switch ya pakati pawo zikhale pa UPS imodzi kapena pa ma UPS opirira nthawi yofanana. Synthetic full ikadukira pakati unyolo wakale umakhalabe, koma sabata imeneyo mulibe full yatsopano mpaka job itayendanso bwino, ndipo unyolo ukungotalika.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsimikizani kuti DD Boost ndi imene yagwira ntchito

Chizindikiro chobiriwira cha Success sichikuuzani njira imene deta yadutsa. Usiku woyamba wa synthetic full khalani maso. Tsegulani Task Manager kapena chida china choonera netiweki pa gateway. Pa nthawi ya incremental muona deta ikuyenda. Job ikafika pa mzere wopanga synthetic full, netiweki ya gateway iyenera kutsika kwambiri, chifukwa pa waya pakungodutsa malangizo. Mukaona ma gigabyte akutuluka mu Data Domain n'kubwereranso, china chake chalakwika: mwina repository munaionjeza ngati share, mwina virtual-synthetics ndi yozimitsidwa. Lamulo la ddboost show connections likuonetsani ngati gateway yalumikizanadi kudzera pa DD Boost.

M'mawa mwake lembani filesys show space. Mzere wa pre-comp, umene umaonetsa kukula kwa mafayilo monga Veeam imawaonera, ukhala utakwera ndi kukula kwa full yonse. Mzere wa post-comp, malo enieni a pa disiki, uyenera kukwera pang'ono chabe, mofanana ndi tsiku la incremental. Ngati nawonso walumpha kwambiri, bwererani mukaone encryption ndi bokosi la decompress lija. Lembani manambalawa penapake pamodzi ndi nthawi imene job yatenga. Pakatha miyezi itatu mudzafuna poyerekezera.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: musataye active full

Synthetic full imakhulupirira zimene zili kale mu repository. Simabwerera ku seva kukafunsa ngati n'zoona. Ngati incremental ya sabata zitatu zapitazo inaphonya zidutswa zina, cholakwikacho chimalowa mu full yotsatira, n'kupitirira mu yotsatiranso, popanda chenjezo. Zimenezi zinachitikapo. Mu 2015 ESXi 6.0 inapezeka ndi vuto mu Changed Block Tracking (CBT), chida chimene chimauza pulogalamu ya backup zidutswa zimene zasintha, ndipo nthawi zina chinkapereka mndandanda wosakwanira. VMware anatulutsa patch, koma amene anali ndi ma backup a nthawi imeneyo anayenera kuyambitsanso CBT ndi kuwerenga deta yonse mwatsopano.

Choncho pa tabu yomweyo ya Backup chonganinso Create active full backups periodically, kamodzi pa mwezi kapena kamodzi pa miyezi itatu malinga ndi mmene maseva anu angapirire. Pa Data Domain active full simadya malo ambiri, chifukwa tizidutswa tambiri tilimo kale ndipo DD Boost simatitumizanso. Mtengo wake ndi nthawi yowerenga kuchokera ku maseva basi. Ikani pa kumapeto kwa sabata kumene kulibe ntchito yotseka mabuku a mwezi.

Pa tabu ya Maintenance pali health check, imene imawerenga restore point yomaliza n'kuona ngati zidutswa zake zili bwino. Pa makina a deduplication imachedwa, chifukwa ndi kuwerenga kuja kumene tinanena kuti n'kolemetsa. Ine ndimaisiya kamodzi pa mwezi, pa tsiku limene kulibe full kapena cleaning.

Health check imangoona ngati fayilo sinaonongeke. Singakuuzeni ngati seva ya database idzayaka. Mwezi uliwonse sankhani makina amodzi ofunika, muwabweze kuchokera mu synthetic full yaposachedwa kupita pa netiweki yopatula, muwayatse, mulowe mu pulogalamu imene ilimo, ndipo mulembe nthawi imene zatenga. SureBackup, chida cha Veeam choyesera ma backup, ingachite zimenezi yokha ngati laisensi yanu ikulola. Muona kuti Instant Recovery, kuyatsa makina mwachindunji mu backup, kuchokera pa Data Domain imayenda mwaulesi poyerekeza ndi disiki wamba. Ndi bwino kudziwa zimenezi lero ndi kuuza abwana nthawi yeniyeni, kusiyana ndi kuzizindikira tsiku la ngozi foni ikulira. Ngati nthawiyo ndi yaitali kuposa imene kampani ingapirire, ikani repository yaing'ono ya madisiki wamba kutsogolo yosunga masiku ochepa omaliza, ndipo Backup Copy job izitumiza ku Data Domain zosungidwa nthawi yaitali.

Ngati mulibe DD Boost

Si aliyense ali ndi Data Domain. HPE StoreOnce imachita zofanana kudzera mu Catalyst, ndipo mumaionjeza pa malo omwe aja a Deduplicating storage appliances. Ngati makina anu a deduplication amangopereka share ya SMB kapena NFS popanda mgwirizano wotere ndi Veeam, musachonge synthetic full n'komwe. Gwiritsani ntchito active full ya sabata iliyonse. Kulemba motsatizana ndi ntchito imene makina otere amaidziwa bwino.

Seva wamba yodzaza madisiki ingakupatseninso synthetic full yachangu kudzera mu Fast Clone, njira yolozera zidutswa zimene zilipo kale m'malo mozikopera. Pa Windows Server 2016 kapena yatsopano, fomatani volume ndi ReFS ndi cluster ya 64 KB. Pa Linux gwiritsani ntchito XFS yokhala ndi reflink:

mkfs.xfs -b size=4096 -m reflink=1,crc=1 /dev/sdb

Onetsetsani kawiri dzina la disiki musanadine Enter, chifukwa lamuloli limafufuta zonse zimene zili pamenepo. Poonjeza repository chongani bokosi la Use fast cloning on XFS volumes. Pa ReFS musayatse Data Deduplication ya Windows, chifukwa Veeam ikaiona imazimitsa Fast Clone. Unyolo wakale umene mwaukopera pa volume yatsopano sufulumira mpaka mutayendetsa active full pamenepo. Zikayenda bwino, mzere wa synthetic full mu lipoti la job umatha ndi mawu akuti fast clone, ndipo mukaona partial fast clone ndiye kuti mafayilo ena a mu unyolowo analembedwa Fast Clone isanayambe kugwira ntchito.